Mbiri ya Bungwe la Sitima za pa Nyanja ya Malawi ndi Mwambo Wake wa pa Nthawi ya Ngozi

Ife a kuno ku Cassacatiza, amene maso athu anazolowera fumbi la msewu wochokera ku Tete kunka ku Katete, ndiponso magalimoto akuluakulu amene amagona pachipata cha malire kudikira makalata asanawolokere ku Chanida, tikhoza kuyesa kuti nkhani ya sitima za pamadzi ndi ya eni nyanja okha. Koma tikakumbukira kuti ana athu ena ali ku Cahora Bassa kumene akugwira kapenta usiku, kuti ena amapita ndi malonda ku Metangula, ku Likoma ndi ku Nkhata Bay, ndiponso kuti zitsulo za sitima zimene tizitchule pano zinadutsa m'chigawo chathu chomwe cha Tete zisanaone madzi a nyanja, tidzaona kuti mbiri iyi ndi yathunso. Chaka cha 2026 chikukwanitsa zaka 80 chimirire sitima ya Vipya, ndi zaka 75 chiyambire ulendo sitima ya Ilala imene ikuyendabe. Ndipo n'koyenera kuti pa zaka zotere tifotokoze za bungwe limene linali mwini wa sitima ziwiri zonsezi, limene poyamba linkatchedwa Lake Service, ndi momwe linaphunzirira, pa mtengo wowawa, mwambo wolankhulana m'chombo pamene imfa yayandikira.

Bungweli lisanabadwe, nyanja inali kale ndi zombo zake. Makolo ankawoloka ndi mabwato osema, ndipo Aluya a ku Nkhotakota ankayendetsa zombo za matanga zonyamula minyanga ndi akapolo kunka kutsidya la kum'mawa. David Livingstone, atafika ku Tete m'chaka cha 1858 n'kupeza kuti mathithi a Kebrabasa, pamene lero pali damu la Cahora Bassa, salola sitima kudutsa, anatembenukira ku mtsinje wa Shire, ndipo m'mwezi wa September 1859 anaiona nyanja. Patapita zaka ziwiri iye atamwalira, a mishoni ya Livingstonia, motsogozedwa ndi E. D. Young pamodzi ndi Dr Robert Laws, anabwera ndi kasitima ka nthunzi kamene anakatcha Ilala pokumbukira dziko limene Livingstone anafera. Anakalumikiza pamathiriro a Zambezi, anakwera nako mtsinjewo ndi Shire, ndipo atafika pa mathithi anakaphwasulanso, zidutswa zake n'kusenzedwa pamutu ndi amtengatenga pafupifupi 800 kufikira pamene madzi anakhalanso odekha. Pa 12 October 1875 kasitimako kanalowa m'nyanja. Pambuyo pake anadza a African Lakes, amene anthu anawatcha a Mandala, ndi sitima zawo za malonda. Anadzanso a mishoni ya UMCA a ku Likoma, amene bishopu wawo, Chauncy Maples, anamira m'nyanja yomweyo m'chaka cha 1895 namondwe atagubuduza boti lake, ndipo sitima imene anaipatsa dzina lake inayamba kuyenda mu 1901.

Zonsezi zinali zombo za mishoni, za amalonda ndi za boma, chilichonse ndi mwini wake ndi zolinga zake. Chimene chinabala bungwe limodzi lotumikira anthu onse ndi njanji. M'chaka cha 1935 unatsegulidwa mlatho wa Dona Ana, wolumikiza Sena ndi Mutarara pa Zambezi, wotalika kupitirira makilomita atatu ndi theka, ndipo m'chaka chomwecho njanji ya Nyasaland Railways inafika kunyanja pa Chipoka n'kupitirira mpaka ku Salima. Tsono katundu wochokera ku Beira akanatha kufika m'mphepete mwa nyanja osatsitsidwa panjira. Koma dziko la kumpoto, la Atonga, Atumbuka ndi Ankhonde, limene misewu yake inali yosadalirika pa dzinja, linali lidakali kutali. Pachifukwa ichi kampani ya njanji inakhazikitsa nthambi yake ya panyanja, kuti pamene njanji yathera sitima ya pamadzi iyambirepo, inyamule mpunga, thonje, makalata, odwala, ana a sukulu ndi amuna obwerera kwawo kuchokera ku migodi ya ku Halale ndi ku Joni. Sitima yake ya katundu yotchedwa Mpasa inayamba ntchito m'zaka za m'ma 1930, ndipo malo okonzera ndi kulumikizira zombo anakhazikika pa Monkey Bay, pamene eni dziko amati Lusumbwe, chifukwa cha mapiri amene amatchinga dokolo ku mphepo.

Munthu amene sanaione nyanja imeneyi ayenera kudziwa kuti si dziwe. Kutalika kwake kumapitirira makilomita 550, ndipo kumpoto kuya kwake kumafika pafupifupi mamita 700. Ili ndi mphepo zake zodziwika ndi mayina, monga mpoto ndi vuma. Koma yoopsa koposa ndiyo mwera, imene imaomba kuchokera kumwera m'miyezi yozizira, ndipo popeza imatsata utali wonse wa nyanja popanda choitchinga, ikamafika kumpoto imakhala itautsa mafunde aatali ndi othithikana, amene amamenya chombo chisanapume ku funde loyamba.

Mwera umenewu ndi umene unadzetsa tsoka lalikulu koposa m'mbiri ya bungweli. Sitima ya Vipya inapangidwa ku Britain m'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, inabwera m'zidutswa, ndipo inayamba kunyamula anthu pakati pa chaka cha 1946, ili yololedwa kutenga anthu oposa 300. Pa 30 July chaka chomwecho, paulendo wake wachinayi wokha, inanyamuka pa Mbamba Bay ku Tanganyika kuwoloka nyanja kulunjika ku Florence Bay, pansi pa phiri la Khondowe, ili ndi anthu 194. Mwera unakula, sitima inayamba kupendekera uku ndi uku, ndipo madzi anayamba kulowa. Potsiriza funde linaigubuduza, ndipo inamira msanga kotero kuti amene anali m'zipinda za pansi sanapeze mpata wotulukira. Anthu 145 anatsikira nayo pansi pa nyanja, kaputeni pamodzi nawo, ndipo otsalawo anafika kumtunda atagwirira matabwa ndi zina zoyandama. Mlendo wofika ku Mangochi lero adzapeza chikumbutso cha anthu amenewa pa nsanja ya wotchi imene ili pafupi ndi mlatho wa pa Shire.

Zimasimbidwa kufikira lero kuti amalinyero anaona choopsa chisanafike, anadandaula, ndipo anayamba kukonzekera, koma mawu awo sanasinthe ulendo. Ine ndikhulupirira kuti apa ndi pamene pagona phunziro lonse la mbiri imeneyi. Kaputeni ndiye mutu wa chombo, ndipo pa nthawi ya ngozi sipangakhale mitu iwiri. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo munthu amene waima pamwamba poyendetsera sangaone madzi amene akulowa pansi pokhapokha wina amuuze, ndipo iye amve. M'masiku a utsamunda amenewo, pamene mwana wa m'dziko, ngakhale anabadwira m'bwato ndipo ankaidziwa mphepo ndi fungo lake, sankayesedwa woyenera kulangiza mzungu, mawu ankatsika kuchokera pamwamba mosavuta koma kukwera kwake kunali kwa minga. Owerenga Malemba akumbukira za mtumwi Paulo m'buku la Machitidwe, momwe anachenjezera za ulendo wa panyanja, kenturiyo n'kusankha kumvera woyendetsa ndi mwini ngalawa, ndi momwe ngalawayo inaswekera pa Melita. Pamenepo anthu onse 276 anapulumuka. Pa Vipya chifundo chotero sichinaoneke.

Bungwe silinafe ndi Vipya. Linaitanitsa sitima ina kwa a Yarrow a ku Scotstoun, ku Glasgow, imene inamangidwa mu 1949 ndi maso oyang'ana pa tsoka lija, kuti ikhale yokhazikika pamadzi ndi yotha kulimbana ndi mwera. Inaphwasulidwa, inatsitsidwa pa Beira, inawoloka Zambezi pa Dona Ana pa ngolo za njanji, ndipo italumikizidwa inayamba ntchito mu 1951, itatenga dzina la Ilala yoyamba ija. Ndi yotalika mamita 52, ndipo imanyamula anthu oposa 350 pamodzi ndi katundu wa matani pafupifupi 100. Kwa zaka zambiri, kupatula nthawi zimene yakhala ikukonzedwa, yakhala ikunyamuka pa Monkey Bay sabata ndi sabata kunka ku Chilumba ndi kubwerera, ikuima pa Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe, ndipo pa nyengo zina inkafikanso ku Metangula ndi ku Cobue m'dziko lathu la Mozambique. Kwa anthu a m'zilumba ndi a m'midzi ya m'tsinde mwa mapiri kumene galimoto safika, Ilala ndiyo yakhala msewu, msika ndi njira ya kuchipatala.

Dziko la Malawi litalandira ufulu mu 1964, ntchitoyi inapitirira pansi pa Malawi Railways, ndipo zombo zinachuluka: Karonga ya katundu, Mtendere ya anthu imene inadza mu 1980, Ufulu yonyamula mafuta, ndi Katundu yonyamula makontena. Pakati pa zaka za m'ma 1990 nthambi ya panyanja inapatulidwa ku njanji n'kukhala kampani payokha, Malawi Lake Services. Mu 2002 inabwerekedwa kwa a Glens Waterways, ndipo mu 2010 boma linapangana ndi a Mota-Engil a ku Portugal, amene anayendetsa zombo m'dzina la Malawi Shipping Company, nabweretsanso sitima ya Chilembwe. Mayina ndi oyendetsa asintha motero, ndipo si kusintha konse kumene kunadzetsa zabwino, pakuti zombo zingapo zinakalamba zili pa doko. Koma ntchito imene bungwe linabadwira sinasinthe.

Chimene chinakula mwakachetechete m'zaka zimenezi, chimene wokwera sachiona, ndi dongosolo loteteza moyo. Kumtunda kuli dipatimenti ya boma yoona za maulendo a pamadzi, pansi pa unduna wa zamtengatenga, imene imagwira ntchito motsata lamulo la Inland Waters Shipping Act la 1995. Akuluakulu ake oyeza zombo ndiwo amalemba chombo m'kaundula, amachiyendera kuona ngati chili choyenera kulowa m'madzi, amanena chiwerengero cha anthu amene chinganyamule, amapereka ziphaso kwa oyendetsa ndi mainjiniya, ndipo ngozi ikachitika amafufuza chimene chinachititsa. Pa Monkey Bay pali sukulu ya amalinyero, Marine Training College, kumene anyamata ndi atsikana amaphunzira kuyendetsa zombo ndi kusamala injini. Pomwepo palinso apolisi ndi asilikali a pamadzi. Malawi analowa m'bungwe la dziko lonse loona za maulendo a panyanja, International Maritime Organization, mu 1989, patapita zaka khumi Mozambique atalowa. Mapangano a bungwe limenelo, monga SOLAS, limene chiyambi chake chinali kumira kwa sitima ya Titanic mu 1912, ndi STCW la 1978 lonena za maphunziro a amalinyero, analembedwera nyanja zamchere. Komabe ndiwo muyeso umene a nyanja za m'kati mwa dziko amatengerako mwambo wawo.

M'chombo momwe, udindo unagawidwa mwa ndondomeko. Pamwamba pali kaputeni. Pansi pake pali wachiwiri wake, amene amayang'anira katundu, kakhazikikidwe ka chombo ndi zipangizo zopulumutsira. Pali mkulu wa mainjiniya ndi anthu ake kuchipinda cha injini. Pali kapitawo wa amalinyero, ogwira chiwongolero, ophika ndi operekera zakudya, ndi kalaliki wa matikiti. Mwambo wa amalinyero umafuna kuti pakhoma papachikidwe chikalata chotchula udindo wa aliyense wa iwo pa tsiku la tsoka: uyu atsitse boti lakumanja, uyu agwire paipi yozimira moto, uyu atseke zitseko zoletsa madzi, uyu atsike kukadzutsa ogona ndi kuwatsogolera kumalo osonkhanira. Ngakhale wophika ali ndi malo ake pa chikalatacho, pakuti iye ndiye amene okwera amamudziwa nkhope. Chizindikiro cha ngozi yaikulu n'chimodzi pa nyanja zonse za dziko lapansi: lipenga kapena belu lilira mwachidule kasanu n'kawiri, kenaka kamodzi mokoka. Likalira motero munthu avale jekete lopulumutsira ndi kupita pamalo osonkhanira. Koma asadumphire m'madzi, chifukwa mawu akuti chombo chisiyidwe amatuluka m'kamwa mwa kaputeni yekha. Ndipo popeza pa ora la mantha nzeru zimathawa, n'kutsala chizolowezi chokha, amalinyero amayenera kuyeserera zozima moto ndi zotsitsa maboti kawirikawiri pamene nyanja ili bata, kufikira manja atadziwa ntchito yawo osadikira kuganiza.

Pa nkhani ya kulankhulana pali lamulo lina looneka laling'ono, limene ine ndimaliyesa lalikulu kuposa onse. Kaputeni akalamula wogwira chiwongolero, kapena akatumiza mawu kuchipinda cha injini, wolandirayo savomera ndi mutu kapena kungoti "chabwino". Amabwereza mawu omwewo mokweza, ndipo akachita chimene wauzidwa amanenanso kuti chachitika. Motero wolamula amadziwa kuti wamveka, ndipo ngati phokoso la injini kapena la mphepo lapotoza mawu, cholakwacho chimagwidwa chisanafike pa tsigiro. Mbali inzake ya lamulo lomweli, imene maphunziro a masiku ano amaiumirira, ndi yakuti wamng'ono akaona choopsa anene momveka, ndipo akapanda kuyankhidwa anenenso, ndi kuti wamkulu ayenera kumva ndi kuyankha. Kwa ife Achewa, amene tinaleredwa kuti mwana sayankha akulu ndipo mlendo salowerera za eni mudzi, ichi n'chovuta. Ulemu wathu ndi chuma, ndipo sindikufuna kuti utayike. Koma makolo omwewo anatiuzanso kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo palibe mwano mwa mnyamata amene agwada ndi mtima wake koma nanena poyera kuti, "Bwana, madzi akulowa."

Kunja kwa chombo mawu amayenda pa wayilesi. Tchanelo 16 cha wayilesi ya VHF chinapatulidwira kuitana ndi kupempha thandizo, ndipo woyendetsa amene moyo wa anthu ake uli pangozi amanena "Mayday" katatu, natchula dzina la chombo, pamene chili, chimene chachitika, thandizo limene akufuna, ndi chiwerengero cha anthu amene ali nawo. Chiwerengero chimenechi n'chifukwa chake kalaliki wa matikiti ali mmodzi wa oteteza moyo, ngakhale iye mwini sangadziyese wotero: opulumutsa sangadziwe kuti atha ntchito ngati sadziwa kuti akufuna anthu angati. Pamene sitima ya Bukoba inamira pa nyanja ya Victoria pa 21 May 1996 n'kupha anthu mazanamazana, inali itanyamula anthu ochuluka kuposa olembedwa, ndipo chiwerengero chenicheni cha akufa chinasowa pochitsimikizira.

Palinso nkhani ya chilankhulo. Moto utabuka m'sitima ya Scandinavian Star ku Ulaya mu 1990 n'kupha anthu oposa 150, zinapezeka kuti ambiri mwa antchito sankamvana bwino ndi okwera, ndipo ichi chinali chimodzi mwa zimene zinachititsa kuti mu 2001 bungwe la dziko lonse lija likhazikitse mawu achingerezi osankhidwa, achidule, oti amalinyero a mitundu yonse azigwiritsa ntchito. Zimenezo n'zabwino pakati pa oyendetsa. Koma pa nyanja yathu, pamene m'chipinda chimodzi mukhala Mtonga, Myao, Mtumbuka, Mnyanja wa ku Likoma, wamalonda wolankhula Chiswahili ndi wina wa kuno wozolowera Chipwitikizi, chenjezo lonenedwa m'Chingerezi chokha lidzapita ndi mphepo. Mayi wobereka mwana amene wakhala pa thumba la usipa m'chipinda cha pansi ayenera kumva m'chilankhulo cha kwawo kumene kuli jekete ndi kumene kuli khomo, ndipo ayenera kumva sitima isananyamuke.

Lero ntchito ya bungweli ndi ya dipatimenti imene imaliyang'anira ikadali yaikulu. Ilala yakalamba, ndipo ngakhale inaikidwa injini zatsopano, nkhani yopeza sitima yoilowa m'malo yakhala ikukambidwa kwa zaka zambiri. M'malo ambiri moima mulibe doko lofikapo sitima, kotero kuti maboti ake opulumutsira ndi omwewo amene amatuta anthu ndi katundu kupita kumtunda, nthawi zina usiku ndiponso pa mafunde. Ndipo aliyense amene anaona anthu akulimbirana kutsikira m'maboti amenewo adziwa kuti ngozi ili pafupi pa ora limenelo kuposa pakati pa nyanja. Kumanga madoko, kukonza zombo, kuphunzitsa amalinyero atsopano ndi kulemba m'kaundula maboti ang'onoang'ono a injini, amene masiku ano ndiwo amanyamula anthu ambiri ndipo ndiwo amamira kawirikawiri, ndizo ntchito zimene zili patsogolo. A zanyengo nawo amalengeza pa wayilesi mwera ukamadza, kuchenjeza asodzi ndi oyenda panyanja kuti adikire.

Tsono inu abale anga a kuno ku Chifunde, amene mudzakwera chombo pa nyanja ya Malawi, pa Cahora Bassa kapena powoloka Zambezi, lembetsani dzina lanu ndi la mwana amene mwabereka, funsani kumene kuli majekete musanakhale pansi, ndipo boti likadzaza kanani kukwera ngakhale mwini wake akukakamizeni. Ndipo inu amene muli ndi ana ogwira ntchito pamadzi, auzeni kuti akaona choopsa anene msanga ndi mokweza kwa woyendetsa, ndipo akadzakhala oyendetsa iwo eni, azimvera wamng'ono akawachenjeza.